Mfuti Imene Ndinamumana Yotamu

Lute, lemba monga ndikunenera, usachotsepo kanthu ngakhale pamene pakuwawa. Za ubwana wanga tizisiye, mukuzidziwa kale, kuti agogo anu anachokera ku Ntcheu wapansi, nadzaphwanya miyala ya laimu kuno ku Lusaka mpaka chifuwa chinawatenga. Chimene ndikufuna inu ana anga mudziwe ndi ntchito imene inakulerani, ndiponso za amalume anu a Yotamu, amene mukandifunsa ndimangoti anamwalira kundende, kenako n'kukutumani kukatunga madzi.

Chaka chotsatira ufulu

Ntchito ndinayamba iwe Lute uli kumsana. Bambo anu anali atawachotsa ku fakitale ya matumba, ife tikukhala chipinda chimodzi ku Matero. Mayi wina wa kumpingo anandinong'oneza kuti Mmwenye wa sitolo ya mfuti, kuseri kwa msewu waukulu wa m'tauni, akufuna munthu wosesa ndi kuphika tiyi. Ndinalawira m'mawa nditavala chitenje cha kutchalitchi. Sitoloyo inali yopapatiza, yonunkha mafuta a makina, mfuti zitaima m'khoma mondandana, unyolo umodzi utadutsa mwa zonse. Mwini wake antchito ankamutcha Ba Magalasi, chifukwa ankavala magalasi ena pamphuno, ena pamphumi, n'kumafunsabe kuti magalasi ake ali kuti. Chinyanja ankalankhula cha mumsika.

"Uyopa mfuti?" anandifunsa.

"Ndimaopa, bwana."

"Ni bwino. Wamene sayopa sinimufuna muno. Yamba mawa."

Munthu ameneyu anali ndi kagulitsidwe kakekake. Wobwera ndi laisensi ya ku polisi ndi ndalama m'thumba sankatuluka ndi mfuti tsiku lomwelo. Ankayamba wakhala pa benchi ya kumbuyo, ine n'kumupatsa tiyi wa mkaka, Ba Magalasi n'kumacheza naye za mvula, za munda, za ana. Akamaliza ankamuuza kuti abwerenso pakapita masiku atatu. Azungu a m'mafamu ankanyinyirika, koma ankabwera. Ndipo kuseri kwenikweni kunali chipinda cha chitseko chachitsulo. Munthu wa m'komboni, wopanda kabati yachitsulo kunyumba, akagula mfuti inkagona m'chipindamo, itamangidwa kachikopa ka dzina lake. Akafuna kupita kumunda kapena kosaka, ankabwera kudzaitenga, akabwerako n'kudzaibweza. Ine ndinkazipukuta ndi kansanza ka mafuta Lachisanu lililonse, ndipo ngakhale mayina a pa tizikopa sindinkawawerenga, mfuti iliyonse ndinkaidziwa mwini wake monga umadziwira ana a anzako pa mpope.

Chaka chimene ndalama zinasintha

Chaka chimene tinasiya mapaundi n'kuyamba makwacha, kunabwera bambo wina wa ku Kanyama, wovala jekete ndi tayi, waulemu kwambiri, kapu ankailandira ndi manja awiri. Ine ndinamuzindikira. Mkazi wake ankagulitsa nafe masamba kale, ndipo tsiku lina anathawira kwathu magazi ali chuchuchu kukhutu, mwamunayo atamuthamangitsa ndi nkhwangwa. Bamboyo atachoka, ndikutsuka makapu, pakamwa panandiyabwa.

"Bwana, aja a tayi aja ndimawadziwa."

"Uwaziba bwanji?"

Ndinafotokoza. Ba Magalasi anatsitsa magalasi a pamphumi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Bamboyo atabweranso anauzidwa kuti mfuti imene anasankha ija yapezeka ndi vuto, ndipo ina sidziwika tsiku lobwera. Kuyambira pamenepo tsache linakhala ntchito yachiwiri. Wogula akakhala wa ku Matero, ku Chawama, ku George, ku Mtendere, ine ndi amene ndinkakhala naye pa benchi. Masiku atatu aja ndinkafunsafunsa kumsika, kumaliro, pa mzere wa basi, kuti kodi uje wa pafupi ndi thanki amamwa bwanji, ali pa mlandu ndi yani, mkazi wake amaseka kodi. Tsiku lachitatu m'mawa Ba Magalasi ankabwera kotsukira makapu n'kungoti, "Esinati, bwanji?" Ndikati ali bwino, ankagulitsa. Ndikati ayembekeze, munthuyo sankaiona mfuti ya m'sitolo mwathu. Sanandifunsepo kawiri, ndipo sanandiululepo kwa wogula. Malipiro anandikwezera pang'ono, ndi amene anakulipirirani yunifolomu nonse anayi bambo anu atamwalira. Ndisaname, ndinkanyada nayo ntchito imeneyi. Mkazi wa ku Matero kukaniza mfuti akuluakulu a maofesi, iwo osadziwa n'komwe.

Zaka zimene boma linatenga masitolo aakulu

Boma litatenga masitolo aakulu a m'tauni, imodzi mwa izo inayamba kugulitsanso mfuti, pakona, pakati pa njinga ndi mawailesi. Zinali zifefe za mpope umodzi, zochokera kumayiko akutali, zobwera m'makatoni. Ogula athu anayamba kuchepa. Ba Magalasi sakanapita yekha kukaona mitengo, onse ankamudziwa, ndiye ankatuma ine ndi dengu ngati wokagula sopo. Ndinkaima pa kauntala n'kunena kuti amuna anga andituma. Wogulitsa pamenepo anali bambo wonenepa wokonda nthabwala.

"Amai, mwabwelanso? Ba tata banu sibagula, bamangofunsa chabe. Kapena mufuna kupaya ba mpongozi?"

"Apongozi anga anafa kale. Nenani mtengo, ndili ndi ulendo."

Ankanena, ine n'kusunga m'mutu, ya mpope umodzi mwakuti, ya mipope iwiri mwakuti, n'kubwerera ndikubwereza chamumtima ngati nyimbo ya kwaya. Kusiyana kwake sikunali kwamasewera. Chifefe cha kumeneko ndi chathu zinkasiyana malipiro anga a miyezi itatu. Ndinauza Ba Magalasi kuti titsitseko. Anakana. Anati kumeneko munthu amapereka pepala, amalipira, amanyamula katoni, basi, palibe woitsegula kuti aone ngati mpope uli wowongoka, palibe woisunga, palibe womufunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Anati, "Ise tigulisa mfuti na maso pamozi. Maso ni yodula." Ine ndinkaona kuti akunena zoona, komanso ndinkaona benchi ikukhala masiku awiri yopanda munthu. Ndipo nkhani za mitengozi ndinkazifotokoza kunyumba ngati zoseketsa, Yotamu akabwera kudzatichezera. Ndine ndinamuphunzitsa kumene mfuti ili yotchipa.

Zaka za mizere

Kenako zinafika zaka zimene inu mukuzikumbukira, zodzuka m'bandakucha kukaima pa mzere wa ufa, wa mafuta ophikira aja tinkati saladi, wa sopo, osadziwa kuti kutsogolo akugulitsa chiyani. Kusowako kunafikanso ku zipolopolo. Sitolo yaikulu ija mfuti inali nazo, zikuchita fumbi, koma zipolopolo kunalibe miyezi ndi miyezi. Ba Magalasi anali nazo zochepa zimene anasunga kale, ndipo ankagulitsa kwa okhawo amene anagula mfuti kwa iye. Anthu anayambanso kubwera kwathu, akudandaula mtengo koma akulipira, poti mfuti yopanda chipolopolo ndi ndodo chabe.

Yotamu anali mlongo wanga wotsiriza, ndinamulera ndine amayi atamwalira. Anagwirapo ulonda, kenako anatsegula kantemba pakhomo pake ku Chawama, kagolosale kakang'ono kogulitsa mchere, makandulo ndi mabanzi. Anali munthu wanthabwala, inu ankakunyamulani awiriawiri pamapewa. Akuba anamuthyolera kawiri chaka chimodzi. Ulendo wachiwiri sanaswe loko, anamasula chitseko chonse ku mahinjesi n'kuchiimika pambali, natenga zonse mpaka sikelo, ndipo mlamu wanga Giresi, mkazi wake, anamumenya ndi chitsulo paphewa. Chitsekocho amene anachikhoma poyamba pomwe ndi Ba Mwape, kalipentala wa Chibemba amene nyumba yake inali moyang'anana nawo. Kuyambira tsiku limenelo Yotamu anasintha. Anasiya kuseka, anayamba kachasu, ndipo nkhani iliyonse inkathera pa Ba Mwape. Ankati wodziwa kumasula chitseko ndi amene anachimanga. Giresi ankamuuza kuti munthu uja ndi mkulu wa mpingo, ndiye anathandiza kumunyamula iye Giresiyo kupita kuchipatala. Yotamu ankangoti, "Nichifukwa chake. Afuna kuoneka bwino."

Tsiku lina Lachiwiri ndikukolopa, ndinangoona nsapato zake pakhomo la sitolo. Anali atameta, atavala malaya oyera, laisensi ili m'manja. Anaipeza kudzera kwa tcheyamani wa chipani, ponena kuti nguluwe zikumuthera chimanga ku kamunda kake ka ku Chongwe. Kamundako kanalipodi, nguluwe nazo zinalipo. Ndinamukhazika pa benchi monga aliyense.

"Ba sisi, lero ndine kasitomala. Shuga muikemo atatu."

"Shuga wa mzere ameneyu, awiri akukwana. Ndalama wazitenga kuti?"

"Nagulitsa njinga na wailesi. Giresi naye wandiwonjezera za chilimba." Chilimba ndi zija amayi amasonkherana mwezi ndi mwezi.

"Kusitolo yaikulu wapitako?"

"Ndachokera komweko. Mtengo ndi uja munkanena, yotchipa zedi. Koma akuti vipolopolo kulibe, mwina chaka chamawa. Kuno mwadulitsa ngati mukugulitsa galimoto, komanso akuti muzindisungira ngati ndine mwana. Chabwino, sungani. Bola ikhale yanga."

"Ndi ya nguluwe?"

Anayang'ana m'kapu. "Nguluwe zili mitundumitundu, ba sisi."

Anaseka, ine sindinaseke. Ba Magalasi anacheza naye za chimanga, namuuza kuti abwere Lachisanu.

Masiku atatu amenewo sindinafunse munthu kumsika, ndikanafunsa chiyani chimene sindinkachidziwa. Ndinkangodzifunsa ndekha. Akanakhala mwana wa wina, yankho linali lapafupi, munthu wakumwa, wosagona, wotchula dzina la mnansi wake tsiku lililonse, ameneyo ayembekeze. Ndinakaniza anthu ambiri pa zifukwa zochepera apo. Ndikanati ali bwino chifukwa ndi mlongo wanga, ndiye kuti zaka zonse zija ndinkangonamiza Ba Magalasi ndi kulakwira anthu ndinawakaniza aja. Koma mtima wina unkati, ukavomera, mfutiyo igona m'chipinda chachitsulo, uziipukuta wekha, akaifuna azidutsa pamaso pako. Ukakana, apita kotchipa kuja, akainyamula m'katoni mpaka ku Chawama. Ndinauyankha mtima umenewo kuti ngakhale akagule, zipolopolo akazipeza kuti? Lusaka yense alibe. Ndinadalira kusowa kwa zinthu, monga tonse tinkakudalira masiku amenewo, kuti chimene kulibe ndiye kuti kulibe.

Lachisanu m'mawa Ba Magalasi anabwera kotsukira makapu.

"Esinati, bwanji? Uyu ni m'bale wako, ukafuna nizaganiza neka."

"Ayi bwana, ntchito ndi yanga. Ayembekeze."

Yotamu atafika ndinabisala kuseri kwa katani, ndikumva zonse. Anauzidwa zija za masiku onse, kuti mfutiyo yapezeka ndi vuto. Iye anangofunsa kuti, "Ba sisi balipo?" Ba Magalasi anati andituma ku positi. Ndinamva nsapato zikutuluka pang'onopang'ono. Madzulo a tsiku lomwelo anthu anamuona akutsika basi ku Chawama ndi katoni yaitali paphewa, ndalama yotsala atagulira ana nsapato.

Lamulungu la mwezi wotentha

Panapita miyezi iwiri. Kwathu anasiya kubwera. Giresi ndinakumana naye kumaliro, anandiuza kuti mfutiyo ili pansi pa bedi, yopanda kanthu, amangoitulutsa kuipukuta n'kuibwezera. Mtima wanga unakhala pansi. Chimene Giresi sankadziwa n'chakuti Yotamu anali atapeza zipolopolo ziwiri kwa munthu wina ku shabini, atasinthanitsa ndi thumba la shuga. Ziwiri zokha.

Chitseko cha kantemba chinali chikugwedera chiyambire kuthyoledwa kuja, ndipo Giresi, atatopa kuuza mwamuna wake, anapempha yekha Ba Mwape kuti adzachilimbitse. Ba Mwape anati sabata yonse ali ndi ntchito ya mabokosi, abwera Lamulungu akaweruka kutchalitchi, ndipo salipiritsa. Anabweradi, dzuwa lili pamutu, asanavule n'komwe jekete la mapemphero. Yotamu anali kumowa kuyambira m'mawa. Pobwera anapeza munthu uja amamutchula usana ndi usiku atagwada pa chitseko chake, akumasula mahinjesi. Sanafunse. Analowa m'nyumba, natuluka. Giresi anali kuseri akutsuka mbale, akuti anangomva Ba Mwape akunena kuti, "Ba neba, mwabwela? Gwilani apa," kenako kulira kwa mfuti.

Uthenga unandipeza ku Matero ndikuchokera ku msonkhano wa amayi. Pofika ku Chawama apolisi anali atamutenga kale Yotamu. Akuti sanathawe, anakhala pansi pafupi ndi mtembo, mfuti ili pamiyendo, mpaka anabwera. Pakhomo panali pothira mchenga wokwirira magazi. Bana Chilufya, mkazi wa Ba Mwape, anali atakhala pakhonde lawo, ana asanu atamuzungulira, osalira, akungoyang'ana chitseko chija chili chopendekeka ndi hinjesi imodzi. Ndinafuna kupita kukagwada pamaso pake, koma sindinapite.

Lolemba ndinapita kuntchito, poti sindinkadziwa kwina kopita. Apolisi anabwera kudzafunsa ngati mfutiyo inachokera kwathu, Ba Magalasi anawaonetsa kuti ayi. Apolisiwo atachoka, bwana anabwera kuseri, nandigwira paphewa, chinthu chimene sanachitepo.

"Esinati, unaona bwino. Sembe tinamugulisa, sembe ni ise."

"Tikanamugulitsa, bwana, dzulo ikanakhala umo," ndinaloza chitseko chachitsulo. "Dzulo linali Lamulungu. Tinali titatseka."

Anavula magalasi onse awiri, nawapukuta ndi malaya nthawi yaitali. Nkhaniyi sitinaikambenso mpaka tsiku limene anatseka sitolo n'kupita kwa ana ake kunja. Ndinagwirabe zaka zisanu ndi chimodzi. Pa benchi ndinkakhalabe, koma akandifunsa kuti bwanji, nthawi zambiri ndinkati, "Onani nokha, bwana." Maso aja ankati ndi odula ndinali nditasiya kuwakhulupirira. Chaka chotsatira imfa ya Ba Mwape apolisi anagwira gulu la akuba ku George, sikelo ya Yotamu ili m'nyumba mwawo. Atafunsidwa za kalipentala wa ku Chawama, palibe ndi mmodzi yemwe amene ankamudziwa.

Chaka chimene ndinapuma

Yotamu anapulumuka chingwe chifukwa cha mowa umene unali m'mutu mwake, anamupatsa zaka zambiri ku ndende ya ku Kabwe. Giresi anabwerera kwawo ku Petauke ndi ana. Ine ndinkapita kukamuona ndikapeza ya basi, ndi nsinjiro ndi sopo, koma tinkangokamba za ana ndi za mvula. Chaka chimene sitolo inatsekedwa anandiuza kuti akutsokomola magazi. Ndinapita ndikudziwa kuti mwina ndi komaliza. Ndinamupeza atatha, khosi ngati la nkhuku, tsitsi lonse loyera, mwana amene ndinamubereka kumsana. Tinakhala moyang'anana, waya uli pakati, msilikali wa ndende ataima pambali.

"Yotamu, pali chimene sindinakuuze. Mfuti ija kusitolo kwathu inalibe vuto. Ndine ndinauza bwana kuti asakugulitse."

"Ndinadziwa, ba sisi. Tsiku lija chitenje chanu chinkaoneka pansi pa katani."

"Bwanji sunanene zaka zonsezi?"

"Ndikananena chiyani? Munaona zoona. Si inu munawombera."

Anatsokomola, ndinadikira. Kenako ndinafunsa chimene chinkandidya kuyambira Lamulungu lija.

"Ikanakhala kwathu, ukanapeza sitolo yotseka. Undiuze zoona, usandisangalatse. Lolemba ukanabwera kudzaitenga?"

Anayang'ana manja ake, milomo ikuyenda ngati akuwerenga masiku. Ndinaona kuti akufunadi kukumbukira, osati kundipepesa.

"Lolemba lija," anatero, "kunamveka kuti kubwera saladi ku sitolo ya ku Kamwala. Ndinali nditapangana ndi Ba Mwape kuti tilawirire limodzi, wina azisungira mnzake malo. Giresi ndiye anatipanganitsa, kuti mwina tingayambenso kulankhulana." Anapukuta pakamwa. "Ndikanakhala pa mzere tsiku lonse, ba sisi. Ndi iyeyo."

Msilikali anagogoda waya ndi ndodo kuti nthawi yatha. Yotamu anaimirira pogwira khoma, nanyamula kamtolo ka nsinjiro. Anamwalira mvula isanagwe, ndipo anamuika komweko, ine kulibe.

Bana Chilufya akadali moyo, amagulitsa tomato pa msika wa Chawama, mzere wa kumapeto. Sadziwa kuti ndine yani kupatula kuti ndine mlongo wa amene anapha mwamuna wake. Lute, ukamaliza kulemba, Loweruka undiperekeze. Ukamuwerengere zonsezi kuyambira pamwamba, ine nditakhala pomwepo.